Tebulo Laling'ono la Phingo: Kuwerenga By the Sea ya Abdulrazak Gurnah

Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4, makamaka inu amene mukangomaliza kuwerenga nkhani mumathamangira kufunsa kuti, "Aphunzitsi, wolakwa ndani pamenepa?", phunziro ili ndi lanu. Ndikufuna tikambirane za nthano yaitali yomwe ndidawerenga patchuthi, ndipo ndidaibwerezanso sukulu itatsegulidwa chifukwa ulendo woyamba idandipusitsa. Mutu wake ndi By the Sea, kutanthauza kuti m'mbali mwa nyanja. Adalemba ndi Abdulrazak Gurnah ndipo idasindikizidwa m'chaka cha 2001. Si buku la pamayeso, choncho musavutike n'kuloweza. Koma luso lomwe likufunika kuti munthu alimvetse ndi lomwe lija ambiri mwa inu mumaperewera mukafunsidwa za mfotokozankhani.

Gurnah adabadwira ku Zanzibar m'chaka cha 1948. Chiyankhulo chomwe adayamwira ndi Chiswahili, koma amalemba m'Chingerezi. Adachoka kwawo ali ndi zaka 18, patangopita zaka zochepa boma la mfumu ya pachilumbapo litagwetsedwa, ndipo adakakhala ku England komwe pambuyo pake adaphunzitsa pa yunivesite ya Kent. Kwawo adakapondakonso mu 1984, bambo ake atatsala pang'ono kumwalira. Mu 2021 adalandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba. Munthu wakuda wa mu Africa yemwe adailandira iye asanalandire ndi Wole Soyinka wa ku Nigeria, kalekale mu 1986. Ndatchula izi kuti mudziwe kuti akamalemba za munthu wofika m'dziko la eni alibe womudziwa, sakunena za m'maluwa. Komabe musasokoneze mlembi ndi mpangankhani. Gurnah adachoka kwawo ali mnyamata, pomwe munthu amene tikumane naye m'bukuli akuchoka atachita kale imvi.

Munthu wa dzina lobwereka

Nkhani ikuyamba ndi mkulu wa zaka 65 yemwe watsika ndege pa bwalo la Gatwick, kufupi ndi London. Chiphaso chake chikuti iye ndi Rajab Shaaban Mahmud. M'kachikwama kake muli zovala zochepa ndi kabokosi ka mtengo wa mbawa momwe wasungamo udi, zofukiza zonunkhira zija zomwe ena mwa inu mudamvapo fungo lake pa ukwati kapena pa Eid. Munthu amene adamugulitsa tikiti adamulangiza kuti asayerekeze kuonetsa kuti amadziwa Chingerezi. Ndiye iye wangokhala duu, n'kumangobwereza mawu osonyeza kuti ndi wothawa kwawo ndipo akupempha chitetezo. Mkulu woona za anthu olowa m'dziko, Kevin Edelman, akuyankhula momasuka poganiza kuti nkhalambayi sikumva. Akumuuza kuti makolo ake nawonso adabwera ngati othawa kwawo kuchokera ku Romania, koma iwo adali a ku Ulaya, choncho adali ngati a pabanja. Pomaliza akutenga kabokosi kaja ponena kuti akufuna kakapimidwe. Sikadzabwereranso.

Taonani zomwe mlembi watichita pamenepa. Mfotokozankhani wathu wanama pawiri, pa dzina ndi pa chiyankhulo, koma ife watiululira zonse. Dzina lake lenileni ndi Saleh Omar, ndipo Chingerezi amachidziwa bwino kwambiri chifukwa adaphunzira ku Makerere, ku Uganda. Munthu akakuululira chinsinsi chomwe wabisira ena onse, umayamba kumukhulupirira pa china chilichonse. Ine ndidakodwa pomwepa. Ndidati m'mtima mwanga: bambo uyu ndi woona mtima, wanamiza boma lokha chifukwa cha mantha. Kuyambira pamenepo chilichonse chomwe ankanena ndinkangomeza.

Masamba otsatira akuonetsa kusungulumwa kwa mtundu womwe sindidaganizirepo. Saleh sali yekha m'chipululu ayi. Ali pakati pa anthu nthawi zonse. Poyamba akusungidwa pa malo osungirako anthu opempha chitetezo, pomwe mnyamata wa ku Angola, Alfonso, akumupatsa thaulo. Kenaka akumutumiza kunyumba yogona alendo ya mayi wina dzina lake Celia, nyumba yauve kotero kuti Saleh akuyala thaulo lija pansi n'kukhalapo, chifukwa ndi pokhapo pomwe akuona kuti m'poyera. Inu amene mudaleredwa kuti musanaswali muyambe mwayang'ana pomwe muime, mudzamva kuwawa kwa ndime imeneyi kuposa wowerenga wa ku London. Pambuyo pake Rachel Howard, mayi wa m'bungwe lothandiza othawa kwawo, akumupezera kanyumba m'katauni ka m'mbali mwa nyanja. Kumeneko Saleh amakhalira kuyendayenda m'masitolo ogulitsa mipando, matebulo ndi makabati, popeza kwawo ntchito yake idali yomweyo. Amagula mapu n'kumawayang'ana. Lamya akuikana. Ali ndi denga, ali ndi chakudya, palibe womumenya. Chomwe alibe ndi munthu yemwe angamve dzina la khwalala la kwawo n'kugwedeza mutu.

Mphepo, mlendo ndi chikalata

Kuti mumvetse gwero la mkangano, muyenera kudziwa pang'ono za mphepo za pa nyanja ya mchere ya India. Chakumapeto kwa chaka, mphepo imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa, ndipo kwa zaka mazanamazana inkabweretsa ngalawa za amalonda a ku Arabia, ku Persia ndi ku India m'madoko a kum'mawa kwa Africa. Amalondawo ankakhala miyezi ingapo, kudikira kuti mphepo itembenuke cha mu Epulo ndi kuwakankhira kwawo. Njira za malonda amenewa zidafika mpaka kuno kwathu: Jumbe wa ku Nkhotakota, Salim bin Abdallah, adachokera kugombe komweko cha m'ma 1840. M'bukuli, mphepo ya m'chaka cha 1960 ikubweretsa wamalonda wa ku Bahrain dzina lake Hussein, munthu wa pakamwa potsekemera, wodziwa nkhani za maiko akutali.

Hussein adafikira m'nyumba ya Rajab Shaaban Mahmud weniweni, kalaliki wa m'boma yemwe ankadziwika m'tauni ndi chidakwa. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma mame awa adasiya dzimbiri. Hussein adanyengerera Hassan, mwana wamkulu wa m'nyumbamo, mpaka mnyamatayo adadzathawa kwawo kumutsatira kutsidya kwa nyanja. Adasokonezanso mayi wa m'nyumbamo, Asha. Ndipo adakongoza Rajab ndalama, nyumba n'kukhala chikole.

Nthawi yomweyo Hussein ankakonda kucheza mu sitolo ya Saleh. Adagulamo tebulo laling'ono la mtengo wa phingo, lokongola kwambiri, ndipo mbali ina ya mtengo wake adalipira ndi udi, womwe uja wotsala wake udalandidwa pa Gatwick. Tebulolo adakapatsa Hassan ngati mphatso. Nyengo yobwerera itayandikira, Hussein adapempha ngongole kwa Saleh, ndipo ngati chikole adamusiyira chikalata chija cha ngongole ya Rajab. Adapita osabwereranso. Saleh atapanikizika pa malonda ake, adatulutsa chikalatacho. Iye akuti adayamba wayesa kukambirana ndi Rajab koma zidakanika. Nkhani idapita kukhoti, Saleh adapambana, banja la Rajab lidatuluka m'nyumba.

Pano ndiime pang'ono. Mukudziwa kuti ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surat Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Ngongole za m'bukuli zidalembedwa. Chikalata chidalipo, khoti lidachiona n'kuchivomereza. Palibe chomwe Saleh adaba. Mukadakhala inu woweruza mukadagamula chimodzimodzi. Koma amene adawerenga Surayo bwino akukumbukira kuti ayah ya 280, pafupi pomwepo, ikunena za kumudikira wangongole yemwe ali pamavuto. Gurnah sakulalikira ndipo sakutchula zimenezi, ndine ndikuziika pambali pa nkhaniyi. Ndikungofuna muone kuti mlembi wasankha dala mlandu womwe lamulo lili mbali ya mfotokozankhani wake, kuti funso lomwe litsale lisakhale la kukhoti.

Padalinso nyumba yachiwiri. Mayi womupeza wa Saleh, Bi Maryam, adali azakhali a Rajab, ndipo nyumba yawo adailembetsa m'dzina la Saleh asanamwalire. Rajab adakhulupirira mpaka imfa yake kuti chuma cha kumtundu kwawo chalandidwa mwachinyengo. Zolimbirana chuma chamasiye sindikufunika kukufotokozerani, mudaziona m'makwalala momwe mumakhala.

Tsono mbiri ya dziko idalowerera. Zanzibar idalandira ufulu wodzilamulira pa 10 Disembala 1963. Pa 12 Januwale 1964 boma la Sultan Jamshid bin Abdullah lidagwetsedwa, anthu ambiri, makamaka a mtundu wa Aluya ndi Amwenye, adaphedwa ndipo ena adathawa. Pa 26 Epulo chaka chomwecho chilumbachi chidaphatikizana ndi Tanganyika n'kupanga dziko lomwe lero timati Tanzania. M'boma latsopanolo, Asha adakhala chibwenzi cha nduna. Mlandu wa nyumba udadzukanso kudzera ku chipani. Saleh adamangidwa ndipo adakhala m'ndende zosiyanasiyana zaka 11. Potuluka adapeza mkazi wake Salha ndi mwana wawo wamkazi adamwalira kalekale, iye osadziwa.

Mukafika apa, mtima wanu wonse uli ndi Saleh. Wanga udali komweko.

Mboni yachiwiri

Kenaka mlembi akusintha mfotokozankhani. Gawo lachiwiri la bukuli likufotokozedwa ndi Latif Mahmud, mphunzitsi wa zolembalemba pa yunivesite ina ku London komanso mlakatuli. Rachel adamuimbira lamya pofuna womasulira wa nkhalamba ina ya ku Zanzibar. Latif atamva dzina la nkhalambayo mutu udaima: ndi dzina la bambo ake, omwe adamwalira kale. Iyeyu ndi mng'ono wake wa Hassan, mwana wachiwiri wa Rajab Shaaban Mahmud.

Naye Latif ndi wa dzina losintha. Makolo ake adamutcha Ismail. Dzina la Latif adadzipatsa yekha pomwe ankapita kukaphunzira ku East Germany, dziko lomwe panthawiyo lidali paubale waukulu ndi boma latsopano la Zanzibar. Mukulidziwa dzinali, Al-Latif ndi limodzi mwa mayina a Allah, ndipo limanena za kufatsa ndi kukoma mtima. Mnyamata wodzala ndi mkwiyo adadzisankhira dzina la kufatsa. Kuchokera ku Germany adathawira ku England, ndipo kwawo sadalembereko kalata, ngakhale kwa mayi ake. Saleh adalandidwa banja ndi ndende, pomwe Latif adadula yekha chingwe. Sindikudziwa kuti mwa awiriwa wosungulumwa kwambiri ndani, koma ndikudziwa yemwe amadzinamiza kwambiri kuti ali bwino.

M'maso mwa Latif, Saleh Omar si nkhalamba yomvetsa chisoni ya pa Gatwick. Ndi chilombo chomwe chidadya nyumba ya bambo ake. Ndipo ali ndi chinthu chimodzi chomwe akuchikumbukira ngati chidachitika dzulo. Atatsala pang'ono kupita kunja, mayi ake adamutuma kwa Saleh kukapempha tebulo lija la phingo. Katundu yense wa m'nyumba adapita pamodzi ndi nyumbayo, ndipo mayiyo sadapemphe kanthu kena. Ankangofuna tebulo lokhalo chifukwa lidali la Hassan, mwana wake yemwe adasowa. Latif adapita, adalowa m'nyumba ya munthu wolemerayo, adapereka uthenga. Saleh adakana.

Apa ndi pomwe ndidatseka buku n'kubwerera ku masamba oyamba. Tebulo ndidaliona kale m'nkhani ya Saleh. Adalifotokoza kukongola kwake, miyendo yake, momwe adaligulitsira. Koma m'gawo loyamba lija, pomwe ankandiululira zinsinsi zake ngati mnzake wapamtima, za mnyamata amene adabwera kudzapempha tebulo m'malo mwa mayi ake sadaziike patsogolo. Sadaname. Adangoyala nkhani yake mwa njira yoti zomwe adachitiridwa zioneke bwino, zomwe adachita zikhale kumdima.

Mfundo yomwe ndikufuna muitenge m'bukuli ndi imeneyi. Munthu akamakumbukira ali yekha, amakhala wodandaula, mboni ndi woweruza pa mlandu wake womwe, ndipo kawirikawiri sapezeka wolakwa. Saleh adazunzikadi, ndipo mazunzo ake ndi aakulu kutalitali kuposa cholakwa chake. Tebulo silingafanane ndi zaka 11 za ndende, mkazi ndi mwana. Koma kukula kwa mazunzowo ndi komwe kudaphimba kanthu kakang'ono kaja. Kukana tebulo sikudali kwa lamulo, sikudali kwa malonda, ndipo tebulolo silikadamusaukitsa. Kudali kuuma mtima chabe kwa munthu amene zinthu zikumuyendera, yemwe mkwiyo wake pa Hussein adauthira pa mayi wolira mwana.

Gawo lomaliza ndi kukumana kwa awiriwa m'kanyumba ka Saleh. Amene mumakonda mafilimu mudzayembekezera ndewu. Kulibe. Pampondachimera pa buku lonseli ndi anthu awiri atakhala pansi, akumwa khofi, wina akufotokoza, wina akumudula pakamwa. Latif wabwera ndi mafunso awiri: mudatengeranji dzina la bambo anga, ndipo mudatichitiranji zija? Yankho la funso loyamba ndi losavuta. Hassan adabwerera ku Zanzibar patapita zaka zambiri, ali wolemera ndi chuma cha Hussein, n'kuyamba kudzutsanso nkhani ya nyumba. Mlandu suola. Saleh, poopa kubwerera kundende, adafuna kuthawa, koma sakadatha kupeza chiphaso m'dzina lake. Pakati pa mapepala akale a m'nyumba ija padali satifiketi ya kubadwa ya Rajab. Munthu amene adatenga nyumba ya Rajab adapulumukira m'dzina la Rajab yemweyo.

Funso lachiwiri ndi lomwe likutenga masamba ambiri. Saleh akuvomera za tebulo, ndipo sakudzitchinjiriza. Koma naye Latif akuphunzira kuti zomwe wakhala akusenza zaka zoposa 30 ndi chithunzi chomwe mwana adajambula. Zina adazisokoneza, zina sadazione n'komwe. Sadadziwe momwe mayi ake adagwiritsira ntchito mphamvu za nduna pomangitsa munthu. Sadadziwe za mkazi ndi mwana amene adamwalira mwini wake ali m'ndende. Bambo ake, omwe pambuyo pake adasiya mowa n'kukhala munthu wa mumzikiti, adali ndi mbali yawo pa kuwonongeka kwa banjalo. Aliyense mwa awiriwa ali ndi chidutswa chomwe mnzake alibe. Chodabwitsa n'chakuti munthu yekhayo m'dziko lonse la England amene angamuuze Latif za mayi ake ndi mdani wa mayi akewo, ndipo yekhayo amene angamuitane Saleh ndi dzina lake lenileni, akudziwa tanthauzo lake, ndi mwana wa munthu amene adamumangitsa.

Ndikuuzeni chifukwa chomwe ndimeyi idandikhudza. Bambo anga atamwalira ndili ku pulayimale, njinga yawo idatengedwa ndi achibale ena. Ndidakula ndikudziwa kuti adatilanda, ndipo nkhaniyi ndidaifotokoza kambirimbiri, nthawi zina m'kalasi momwe. Chaka chatha ndidaitchula pamaso pa achemwali anga aakulu. Adandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, kodi simudziwa kuti njinga ija idagulitsidwa kuti inu mulipire fizi ya Fomu 1?" Tsiku lomwe njinga inkatuluka pakhomo ndikulikumbukira bwino lomwe, ngakhale mtundu wa malaya a munthu amene ankaikankha. Zonse zomwe ndidaona zidali zoona. Nkhani yomwe ndidamanga pa zomwe ndidaonazo ndiyo idali yopotoka, ndipo ndidakhala nayo zaka zonsezi chifukwa sindidaifotokozepo pamaso pa munthu amene adalipo.

Zomwe sizidandikomere

Musaganize kuti buku la munthu wa Nobel lilibe pogwira. Loyamba, limayenda pang'onopang'ono. Gurnah amakonda kupatuka. Akayamba kufotokoza za Hussein, amabwerera kwa bambo ake a Hussein ndi agogo ake, ndi maulendo awo a malonda kum'mawa kwa Asia. Za udi wokha akufotokoza mpaka komwe umachokera, kuti ndi utomoni womwe mtengo umatulutsa ukagwidwa ndi matenda, ndipo kuti dzina lake lonse, ud-al-qamari, likuloza ku dziko la Akhmer, lomwe lero ndi Cambodia. Ine zoterezi zimandisangalatsa, koma ndikudziwa ena mwa inu mudzayasamula. Ubale wa anthu a nyumba ziwiri zija nawo ndi wopiringizika. Ulendo wachiwiri ndidachita kutenga pepala n'kujambula mtengo wa banja, ndipo ndikukulangizani kuchita chimodzimodzi musanafike gawo lachitatu.

Chachiwiri ndi chachikulu. Buku lomwe likutiphunzitsa kuti mboni imodzi sikwanira latisiya ndi mboni ziwiri zokha, zonse zazimuna. Asha ndiye ali pakati pa zonse. Ndi iye adataya mwana, ndi iye adatuma Latif, ndi iye adabwezera. Koma timangomuona kudzera m'maso mwa mwana wake amene ankachita naye manyazi, ndi mwa munthu amene iye adamumangitsa. Bi Maryam adali ndi zifukwa zake polembetsa nyumba m'dzina la mwana womupeza, koma zifukwazo tikuzimva kwa yemwe adapindula. Salha sitimumva n'komwe mokwanira kuti timulire patokha. Mwina wina anganene kuti mlembi wachita dala, popeza gawo lomalizalo mutu wake ukunena za kukhala chete. Ine sindikukhutira. Mlembi amene adatha kupatsa Latif gawo lake akadathanso kupatsa Asha masamba khumi. Atsikana a Fomu 4, ndikufuna kumva maganizo anu pa mfundo imeneyi, chifukwa mwina ine ndaona mochepa.

Chachitatu ndi chaching'ono. Saleh ndi Latif onse amadziwa nkhani ya Bartleby, yomwe Herman Melville wa ku America adalemba mu 1853, yonena za kalaliki amene ankakana mwaulemu chilichonse chomwe wauzidwa kuchita. Nkhaniyi ikutchulidwa mobwerezabwereza, ndipo ndi imodzi mwa zinthu zomwe zikuwalumikiza awiriwa. Zikuonetsa bwino kuti onse ndi ana a sukulu za Angerezi, ngakhale ali ndi mkwiyo ndi zomwe Angereziwo adachita kwawo. Koma wowerenga yemwe sadaimvepo nkhani ya Melville amatsala panja pa nthabwala. Kwa ine idabwera kangapo kuposa momwe idafunikira.

Ndiyeneranso kukuchenjezani kuti bukuli lili ndi nkhani za akuluakulu: uchidakwa, chigololo, ndi zomwe Hussein adamuchita Hassan. Mlembi sakuzikometsa ndipo sakuzifotokoza mwachisawawa, koma zilimo, ndipo n'chifukwa chake phunziroli ndalembera makalasi apamwamba.

Mmene mungawerengere

Mukafunsidwa za mfotokozankhani, ambiri mumangolemba kuti nkhaniyi ikufotokozedwa ndi mpangankhani mwini wake, n'kuimira pomwepo. Limenelo ndi theka la yankho. Mfotokozankhani wonena kuti "ine" ali ngati munthu amene wakutengani kukuonetsani mudzi wa kwawo. Adzakuonetsani chitsime, mzikiti ndi bwalo la mpira, koma pali khomo lina lomwe adzalidutsa mofulumira akukuyankhulitsani zina. Ntchito yanu ndi kuona khomo limenelo. Dzifunseni kuti munthuyu akufuna ndimuone motani, wafulumira pati, ndipo ndani m'nkhaniyi akadafotokoza mosiyana akadapatsidwa mpata. Sikuti muzimuyesa wabodza. Saleh si wabodza kwa ife, ndipo m'malo angapo amavomera yekha kuti zomwe munthu amakumbukira sizikhala zathunthu. Koma kuvomera zimenezo m'mawu n'kosavuta. Chovuta ndi kukhala pansi ndi munthu amene ali ndi chidutswa chinacho.

Samalaninso zinthu zomwe zikubwerabwera m'nkhani. M'bukuli muli kabokosi ka udi, thaulo, mapu ndi tebulo. Musangolemba kuti udi ukuimira kwawo kwa Saleh n'kusiya. Funsani kuti udiwo adaupeza bwanji. Mudzaona kuti chinthu chokhacho chomwe adasankha kunyamula pothawa, chomwe fungo lake limamukumbutsa kwawo, ndi malipiro a tebulo lomwe lija, ochokera m'manja mwa munthu amene adayambitsa tsoka lonse. Zomwe amazikonda kwambiri za kwawo ndi zomwe amachita nazo manyazi zidalowa m'sitolo mwake tsiku limodzi, pa malonda amodzi.

Ntchito yanu ya sabata ziwiri zikubwerazi sikufuna kuti mukhale mutawerenga bukuli. Sankhani chinthu chimodzi chomwe chidachitika pabanja panu inu muli wamng'ono, chomwe mukuchikumbukira bwino: kusamuka, ukwati, kugulitsidwa kwa munda, tsiku lomwe wina adachoka pakhomo. Chisakhale chinsinsi chomwe makolo sangafune kuti chituluke. Lembani tsamba limodzi momwe inu mukuchikumbukirira. Mukatero, pitani kwa wamkulu amene adalipo, mumupemphe mwaulemu kuti akufotokozereni, ndipo musamuonetse zomwe mwalemba kufikira atamaliza. Lembani tsamba lachiwiri m'mawu ake, iye akhale "ine" wa nkhaniyo. Masamba awiriwo musawagwirizanitse ndipo musakonze loyamba lija. Mubwere nawo momwe alili, mayina enieni mutawasintha, Lachinayi la sabata yachiwiri.